Tebulo limodzi, mabuku awiri: kuthetsa chisokonezo cha malamulo a 2014 ndi a 2024 mu Dungeons & Dragons

Awa ndi masewera a pa tebulo omwe wosewera aliyense amayendetsa munthu wongopeka (character) m'nkhani pogwiritsa ntchito madayisi. Mkangano wa malamulo ake nthawi zambiri umabukira pa kanthu kakang'ono. Wosewera wina character wake wavulala, ndiye akuti amwe Potion of Healing kenako amenye chilombo pa mpata womwewo. Mnzake akukana, akuti kumwa mankhwala kumadya action yonse, chochita chachikulu chimene munthu ali nacho pa mpata wake. Aliyense watsegula buku lake, ndipo onse awiri akunena zoona. Buku la 2014 likuti ndi action, la 2024 likuti ndi bonus action, chochita chaching'ono chowonjezera. Pamenepo masewera aima, anthu ayamba kufufuza pa foni, ndipo chilombo chija chaiwalika.

Masewerawa asintha malamulo kangapo kuchokera pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa mu 1974. Kunabwera malamulo ena mu 1989, ena mu 2000, kenako 2003, 2008 ndi 2014. Kusintha kwakaleko kunali koonekeratu moti palibe amene akanabwera ndi pepala la character la 2008 pa tebulo la 2014 osazindikira. Za 2024 zikuvuta chifukwa zikufanana kwambiri ndi zakale. Kampani ya masewerawa, Wizards of the Coast, inatulutsa Player's Handbook yatsopano mu Seputembala 2024, Dungeon Master's Guide mu Novembala, ndi Monster Manual mu Febuluwale 2025, ndipo inati zatsopanozi zikuyenda limodzi ndi zakale. N'zoona ndithu pa zinthu zambiri. Koma mayina ambiri anatsala momwemo pomwe zimene zili pansi pa mayinawo zinasintha, ndiye anthu awiri amatha kutchula Counterspell, tsenga lozimitsa matsenga a ena, aliyense akuganiza zake.

Onjezani kuti mabukuwa ndi okwera mtengo. Amene anagula la 2014 safuna kuti lingokhala m'kabati, amene wayamba kumene wapeza latsopano, ndipo wachitatu akugwiritsa ntchito malamulo aulere a pa intaneti osadziwa kuti nawonso alipo a mitundu iwiri, SRD 5.1 yakale ndi SRD 5.2 yomwe inatuluka mu 2025.

Yambani ndi kudziwa amene ali ndi buku liti

Musawafunse, chifukwa ambiri angoyankha kuti "5e" (edition yachisanu, dzina lomwe anthu amatchulira mabuku onse awiri) ndipo yankho limenelo silikuthandizani. Onani mawu a pa pepala kapena pa foni yawo. Ngati palembedwa race, ki points, kapena kuti chilombo "is knocked prone", ndi za 2014. Ngati palembedwa species, Focus Points, Heroic Inspiration, D20 Test, Magic action, Emanation, kapena kuti "has the Prone condition" ndi zilembo zazikulu, ndi za 2024. Pa D&D Beyond, tsamba la pa intaneti lopangira ma character, zinthu zakale zimakhala ndi chizindikiro cha Legacy, ndipo munthu wosasamala posankha amatha kutola theka uku theka uko popanda pulogalamuyo kumuletsa. Ofufuza tsenga pa Google ndiye amagwa m'mbuna kawirikawiri, poti tsamba loyamba kutuluka silinena kuti ndi la chaka chiti.

Mukadziwa, aliyense alembe 14 kapena 24 pamwamba pa pepala lake ndi cholembera chachikulu, poti DM (Dungeon Master, woyendetsa masewera) athe kuona ali pampando wake.

Zimene zingasakanizidwe ndi zimene sizingasakanizidwe

Malamulo a masewerawa ali m'magawo atatu, ndipo mavuto ambiri amabwera chifukwa chowatenga ngati chinthu chimodzi.

Gawo loyamba ndi la tebulo lonse: surprise (kudzidzimutsidwa), exhaustion (kutopa), kugwira mdani, kubisala, kupuma, kumwa mankhwala, ndi chiwerengero cha matsenga amene munthu angachite pa mpata umodzi. Apa palibe kugawana. DM asankhe buku limodzi ndipo likhudze aliyense, zilombo zomwe.

Gawo lachiwiri ndi la character mmodzi payekha: class (ntchito yake, monga Fighter kapena Wizard), subclass (nthambi ya class), background (mbiri yake), species kapena race (mtundu wake) ndi ma feat (maluso apadera). Apa Fighter wa 2014 akhoza kukhala pafupi ndi Wizard wa 2024 masewera n'kuyenda bwinobwino, bola aliyense akhale wathunthu wa buku limodzi.

Gawo lachitatu ndi matsenga. Amaoneka ngati a munthu payekha koma ndi a tebulo lonse, chifukwa tsenga limodzi limachitidwa ndi anthu angapo komanso adani.

Ngati gulu lasakanikirana, njira yosavuta ndi kutenga malamulo a tebulo a 2024. Character wakale amalowa m'malamulo atsopano ndi zokonza zochepa, pomwe character watsopano amanyamula mawu ngati Magic action ndi Utilize action amene buku lakale siliwadziwa.

Vuto: wina ali ndi manambala okwera kuposa anzake kuyambira level 1

Ili ndi lofala kuposa onse ndipo chifukwa chake ndi kudya pawiri. Mu 2014 manambala owonjezera pa Strength, Dexterity ndi enawo amachokera ku race. Mu 2024 amachokera ku background, yomwe imapereka +2 ndi +1, kapena +1 katatu, pamodzi ndi Origin feat imodzi.

Tengani munthu amene wasankha mountain dwarf wa 2014, wokhala ndi +2 pa Strength ndi +2 pa Constitution, kenako background ya Soldier ya 2024. Wagula Strength 15 pa point buy (kugula manambala ndi mapointi), waika +2 ya dwarf, waikanso +2 ya Soldier, wafika 19 asanamenye ngakhale khoswe. Mnzake amene watsatira buku limodzi waima pa 17. Ameneyu ali ndi +3, winayo +4, pa kumenya kulikonse ndi pa damage iliyonse. Palinso wovutika mwakachetechete: amene wasankha species ya 2024 ndi background ya 2014 sapeza chowonjezera chilichonse, amangokhala pa 15 popanda feat, n'kumadabwa kuti bwanji akuphonya nthawi zonse.

Buku la 2024 linapereka kale njira yokonzera izi. Mukatenga race ya m'buku lakale, manambala ake owonjezera muwasiye. Mukatenga background yakale, ikani +2 ndi +1 kapena +1 katatu pamene mukufuna, ndipo ngati ilibe feat sankhani Origin feat imodzi. Njira yofufuzira mwachangu: werengani zowonjezera zonse za pa level 1. Pa character wa 2024 zikhale 3 basi. Izi zimathandizanso okonda half-elf ndi half-orc, omwe mulibe m'buku latsopano. Akhoza kuseweredwa, koma +2, +1, +1 ya half-elf ija itsale.

Variant human wa 2014 mumuyang'anitsitse. Amapereka feat iliyonse pa level 1, pomwe mu 2024 ma feat amphamvu anawakankhira ku level 4. Wofuna variant human akhale character wa 2014 yense, background yomwe.

Vuto: wankhondo mmodzi akumaliza adani anzake asanasunthe

Onani ma feat ake. Great Weapon Master ndi Sharpshooter za 2014 zimalola kuchotsa 5 pa dayisi lomenyera kuti damage ikwere ndi 10. Mtengo wake unali kuphonya pafupipafupi. Mu 2024 mwayi umenewu anauchotsa, ndipo m'malo mwake anabweretsa Weapon Mastery, maluso 8 a zida: Cleave, Graze, Nick, Push, Sap, Slow, Topple ndi Vex. Fighter amayamba ndi zida zitatu zimene amadziwa luso lake, Barbarian, Paladin, Ranger ndi Rogue amayamba ndi ziwiri.

Zinthu ziwirizi sanazipange kuti zikumane. Fighter wa 2024 wa Strength 18 atanyamula greatsword ndi feat yakale ija, akamenya amavulaza 2d6+4+10 (2d6 ndi madayisi awiri a mbali 6), pafupifupi 21, ndipo akaphonya Graze imamupatsabe 4. Wonyamula maul amagwetsa mdani ndi Topple, ndiye kumenya kotsatira kumakhala ndi advantage (kuponya madayisi awiri n'kutenga lokwera) yomwe imafafaniza mbali yaikulu ya chilango cha 5 chija. Wa hand crossbow ndi Vex amadzipatsa yekha advantage nthawi iliyonse akalasa. Chilango chachepa, mphotho yatsala yonse.

Kukonza kwake: feat imatsata class. Wa class ya 2024 atenge feat ya 2024 ngati ilipo ya dzina lomwelo. Wa class ya 2014 asunge feat yake yakale koma Weapon Mastery asaikhudze. Ma feat a m'mabuku ngati Xanathar's Guide to Everything la 2017 ndi Tasha's Cauldron of Everything la 2020 amene sanalembedwenso akhoza kutengedwa ndi onse.

Lamulo lomweli ligwirenso pa multiclass, kusakaniza ma class angapo pa character mmodzi. Munthu asatenge level imodzi ya Cleric kapena Warlock wa 2014 kuti apeze subclass nthawi yomweyo, kenako n'kupitiriza ndi class ya 2024.

Vuto: subclass yakale pa class yatsopano

Mu 2014 Cleric, Sorcerer ndi Warlock amasankha subclass pa level 1, Druid ndi Wizard pa level 2. Mu 2024 onse amasankha pa level 3. Buku latsopano lili ndi ma subclass 48, anayi pa class iliyonse mwa 12, kotero ambiri akale anatsala kunja ndipo anthu amawafunabe. Zimatheka: zonse zimene subclass yakale inkapereka pa level 1 kapena 2 zizibwera pa level 3.

Pa Cleric pali msampha. Ma domain akale amapereka Divine Strike kapena Potent Spellcasting pa level 8, koma Cleric wa 2024 amalandira kale chimodzi mwa ziwirizi pa level 7 kudzera mu Blessed Strikes. Atenge kamodzi kokha.

Ma subclass ena amalowa koma amafika ali olumala, chifukwa anamangidwa pa lamulo lomwe kulibenso. Assassin wa 2014 amapeza critical pa mdani aliyense amene ali surprised. Mu 2014 mdani wodzidzimutsidwa sasuntha kapena kuchita kanthu pa mpata wake woyamba. Mu 2024 amangoponya initiative (dayisi loonera woyamba kusewera) ndi disadvantage (madayisi awiri, n'kutenga lotsika), basi, ndiye luso la Assassin lasowa pogwira. Mwina atenge Assassin watsopano, kapena gulu ligwirizane kuti mdani amene anaponya initiative ndi disadvantage chifukwa chodzidzimuka aziwerengedwa surprised mpaka mpata wake woyamba utatha.

Berserker wa 2014 amalandira exhaustion imodzi akamaliza Frenzy. M'malamulo akale exhaustion yoyamba imangopereka disadvantage pa ma ability check, kumenya sikukhudzidwa mpaka yachitatu. M'malamulo atsopano iliyonse imachotsa 2 pa dayisi lililonse la d20 ndi mafiti 5 pa liwiro. Frenzy kawiri pa tsiku, munthu akumenya ndi -4. Berserker wa 2024 alibe chilango chimenechi n'komwe, ndipo sitikuona chifukwa choti wina aumirire wakaleyo.

Druid wa Circle of the Shepherd ndiye womvetsa chisoni. Mphamvu zake za level 6 ndi 14 zimadalira nyama zoitanidwa ndi Conjure Animals, tsenga lomwe mu 2014 limatha kubweretsa nyama 8 zazing'ono, iliyonse ndi HP (mapointi a moyo) yake. La 2024 silibweretsa nyama zenizeni, limangoika gulu la mizimu lomwe limavulaza 3d10 mdani akalephera Dexterity save, dayisi lodzitetezera nalo. Apa ndi pomwe tingalole kuphwanya lamulo lakuti matsenga ndi a tebulo lonse: Shepherd asunge tsenga lakale, koma DM agwirizane naye kuti aziitana nyama imodzi kapena ziwiri zazikulu m'malo mwa 8, kuopa kuti mpata wake wokha ungamadye mphindi khumi.

Vuto: tsenga limodzi likuchita zinthu ziwiri

Cleric wa 2024 akachita Cure Wounds amachiza 2d8, Bard wa 2014 amachiza 1d8 pa spell slot (mphamvu imene tsenga limadya) yofanana. Healing Word ndi 2d4 uku, 1d4 uko. Spiritual Weapon yatsopano imafuna concentration (kuikirapo maganizo nthawi yonse imene ikugwira ntchito), yakale ayi. True Strike inangosunga dzina lokha. Mukalola aliyense kutsata buku lake, posakhalitsa wina ayamba kutola Cure Wounds yatsopano ndi Spiritual Weapon yakale, chilichonse kumene chikukoma.

Counterspell ndi imene imayambitsa phokoso lenileni. Yakale imazimitsa tsenga la level 3 kutsika popanda dayisi, ndipo pa lokwera wozimitsayo amaponya check yolimbana ndi 10 kuphatikiza level ya tsengalo. Wozimitsidwa amataya slot yake. Yatsopano imapatsa wozimitsidwayo Constitution save, ndipo ngakhale alephere slot yake sataya. Tsiku limene mfiti ya DM idzazimitse Fireball ya wosewera, funso lakuti ndi Counterspell iti likhale litayankhidwa kale.

Sankhani mndandanda umodzi wa matsenga wa tebulo lonse. Tsenga lomwe lili m'mabuku onse awiri litengedwe ku buku losankhidwalo, ndipo lomwe lili m'buku lakale lokha lipitirire momwe lilili.

Lamulo la matsenga awiri pa mpata umodzi nalo linasintha m'njira yomwe ambiri saizindikira. La 2014 likuti ukachita tsenga la bonus action, china chomwe ungachite pa mpatawo ndi cantrip (tsenga losadya slot) ya action imodzi yokha. La 2024 likuti pa mpata umodzi ungawononge spell slot imodzi yokha pochita tsenga. Zotsatira zake zimapingasana. Misty Step yaulere yochokera ku feat ya Fey Touched, kenako Fireball: 2014 ikukana, 2024 ikulola poti slot yapita imodzi. Fireball, kenako Counterspell pa mpata wako womwewo pofuna kuletsa amene akukuzimitsa: 2014 ikulola, 2024 ikukana. Fireball ziwiri ndi Action Surge, luso la Fighter lopereka action yachiwiri: zinali zotheka, tsopano ayi.

Nkhani ya Paladin

Iyi imafuna kukambirana modekha chifukwa eni ake imawapweteka. Divine Smite ya 2014 si tsenga, ndi luso la class. Siidya action iliyonse, ndipo Paladin wa level 5 akamenya kawiri akhoza kuichita kawiri: ma slot awiri a level 2, 3d8 kawiri, pafupifupi 27 pamwamba pa damage ya chida. Ya 2024 ndi tsenga la bonus action, kamodzi pa mpata, ndipo ikhoza kuzimitsidwa ndi Counterspell. Posinthana ndi zimenezo Paladin watsopano analandira Weapon Mastery, smite imodzi yaulere pa long rest iliyonse, Lay on Hands ya bonus action, ndi Find Steed yaulere pa level 5.

Onse awiri ndi abwino paokha. Chosaloledwa ndi kutenga mphatso zatsopanozo n'kusunga smite yakale. Dziwaninso kuti mukasankha kuti matsenga onse akhale a 2024, lamulolo silikhudza smite ya Paladin wa 2014, poti kwa iye si tsenga. Monk ali ndi nkhani yofanana: Stunning Strike yakale imayesedwa pa nkhonya iliyonse yofika, yatsopano kamodzi pa mpata, koma dayisi la nkhonya likuyambira pa d6 m'malo mwa d4.

Vuto: wogwira adani sakugwiranso

Mu 2014 kugwira mdani ndi mpikisano: Athletics yako kulimbana ndi Athletics kapena Acrobatics yake. Anthu anamanga ma character athunthu pa zimenezi. Wa level 5 wa Strength 18 ndi Expertise (proficiency yowirikiza kawiri) amakhala ndi +10, ndipo Barbarian ali mu Rage amaponya ndi advantage. Mu 2024 kugwira ndi mbali ya Unarmed Strike, ndipo mdaniyo ndi amene amaponya Strength kapena Dexterity save yolimbana ndi 8 kuphatikiza Strength ndi proficiency yako. Kwa munthu yemwe uja nambalayo ndi 15, ndipo Expertise ndi advantage ya Rage sizimuthandizanso pogwira. Chilombo chokhala ndi Legendary Resistance tsopano chikhoza kungokana, zomwe sichikanatha pa mpikisano.

Wosewerayo sanalakwe kanthu, pansi ndi pomwe pasuntha. Mupatseni mwayi wosintha Expertise ndi feat yake kwaulere. Mumuuzenso zomwe wapindula: mdani wogwidwa mu 2024 amamenya ena onse ndi disadvantage kupatula womugwirayo.

Zotsala za gawo la tebulo n'zongofunika kulemba. Long rest yakale imabweza theka la ma Hit Dice (madayisi odzichizira nawo popuma), yatsopano imabweza onse. Inspiration yakale ndi advantage yomwe umaitchula usanaponye, Heroic Inspiration ndi kuponyanso dayisi lililonse utaona kale chomwe chatuluka. Kubisala mu 2024 kumafuna Stealth ya 15 ndipo kumapereka Invisible condition.

Mbali ya DM: nkhondo zikupepuka kapena zikupha mosayembekezeka

Kawirikawiri chimene chachitika ndi chakuti masamu achokera m'buku lina, zilombo m'buku lina. Dungeon Master's Guide ya 2014 ili ndi magawo anayi, Easy, Medium, Hard ndi Deadly, ndipo imachulukitsa XP (mapointi a chilombo chilichonse) malinga ndi kuchuluka kwa adani. Ya 2024 ili ndi atatu, Low, Moderate ndi High, ndipo kuchulukitsako inakuchotsa.

Onani kusiyana kwake pa gulu la anthu anayi a level 3. Mimbulu 12, uliwonse XP 50, pamodzi 600. M'masamu a 2024 imeneyi ndi nkhondo ya Low, poti malire ake ndi 150 pa munthu. M'masamu a 2014 adani 11 mpaka 14 amachulukitsidwa katatu, zomwe zikupereka 1,800, kupitirira malire a Deadly omwe ndi 1,600. Mimbulu yomweyo, buku lina likuti n'zosewera, lina likuti wina afa. Ndipo mmbulu wa mu Monster Manual ya 2025 ukaluma munthu wa msinkhu wa Medium kutsika amagwa pansi popanda save, pomwe wakale unkapatsa munthu Strength save ya 11. Masamu atsopano amaganizira gulu lokhala ndi machiritso owirikiza, mankhwala a bonus action ndi Weapon Mastery. Ngati theka la gulu lanu ndi la 2014, yambani ndi Low kapena Moderate, ndipo adani akachuluka kuposa awiri pa wosewera aliyense werengeraninso ndi masamu akale kuti muone mbali inayo.

Mitundu ya zilombo inasinthanso. Goblin tsopano ndi Fey, kobold ndi Dragon, gnoll ndi Fiend. Hold Person ndi Charm Person zimagwira Humanoid yekha, kotero wosewera amene wazolowera kuumitsa goblin adzadabwa. Muuzeni asanawononge slot, chifukwa character wake wakhala m'dziko limenelo ndipo akanadziwa. Zilombo zambiri zakale zimakana zida zopanda matsenga, ndipo werewolf wa 2014 savulala n'komwe ndi chida wamba chopanda siliva. Buku latsopano linachotsa zambiri mwa izi. Mukamayendetsa adventure yakale, sankhani kumayambiriro ngati zilombo zikuchokera ku Monster Manual yakale kapena yatsopano, ndipo musasinthe pakati pa nkhani.

Ngati mabuku ake ndi otalikirana kuposa apa

Character wa 3.5 (malamulo a 2003) kapena wa Pathfinder yoyamba ya Paizo, ya 2009, sangakhale pa tebulo la 5e. Manambala ake amakula mosiyana: Fighter wa 3.5 amafika +20 pa base attack bonus yokha, pomwe proficiency ya 5e imayambira +2 n'kuthera +6. Ma save kumeneko ndi atatu, kuno ndi 6. Pathfinder yachiwiri ya 2019, ndi ma action ake atatu pa mpata, ndi masewera ena ndithu. Musavutike kusintha nambala imodziimodzi. Funsani mwini wake zinthu zitatu zimene character wakeyo amadziwika nazo, mumangenso watsopano wa level yofanana ndi anzake.

Ma adventure akale ndi osavuta. Mapu, nkhani ndi anthu ake zitengeni momwe zilili, zilombo mulowetse za dzina lomwelo za m'buku lanu, chuma muchepetse chifukwa mabuku akale amamwaza zida zamatsenga zambiri. Mukakumana ndi chilombo cha AD&D (malamulo a 2000 isanafike) chopanda mnzake, kumbukirani kuti kumeneko AC (nambala ya chitetezo) yotsika ndiyo yabwino: chotsani AC yakaleyo pa 20 kuti mupeze yokwera, ndipo chotsani THAC0 (nambala yake yakale yomenyera) pa 20 kuti mupeze bonus yomenyera. AC 4 ikhala 16, THAC0 15 ikhala +5. HP yokha muikweze poyerekeza ndi zilombo za msinkhu wofanana m'buku lanu, poti zakalezo zinali ndi yochepa.

Kukonza gulu lomwe lasokonezeka kale

Musasinthe pakati pa nkhondo kapena pakati pa dungeon. Dikirani pomwe gulu likukwera level kapena nkhani yafika popumira, ndipo patulani tsiku limodzi lopanda masewera enieni.

DM abwere ndi pepala limodzi, tsamba limodzi lokha, lolembedwa buku lomwe likulamulira tebulo, buku la matsenga, Monster Manual yomwe akugwiritsa ntchito, ndi mzere umodzi pa chilichonse mwa izi: surprise, exhaustion, kugwira, kubisala, potion, long rest, inspiration, ndi matsenga awiri pa mpata umodzi. Zopatula ngati za Shepherd kapena Assassin zilembedwe ndi dzina la character wake. Pepalalo likhale pakati pa tebulo, ndipo chithunzi chake chitumizidwe pa gulu la WhatsApp kapena Discord. Osewera pa intaneti aonenso kuti pulogalamu yawo yaikidwa pa malamulo omwewo, chifukwa Roll20 ili ndi mapepala osiyana a 2014 ndi 2024, ndipo Foundry ili ndi posankhira malamulo akale kapena atsopano. Pulogalamu ikawerengera potion kapena exhaustion mwa njira ina, anthu amakhulupirira kompyuta kuposa DM.

Kenako mapepala a ma character awunikidwe limodzilimodzi: manambala owonjezera achokera kumodzi kokha, ma feat akugwirizana ndi class, subclass yayamba pa level yoyenera, matsenga akopedwa ku mndandanda wosankhidwa. Aliyense amene lamulo latsopano lamuphwanyira character aloledwe kumanganso kwaulere, osataya level kapena katundu. Amene wapezeka kuti amadya pawiri musamuchititse manyazi, ambiri anachita mosadziwa. Malizani ndi nkhondo yoyeserera ya theka la ola yomwe siwerengedwa m'nkhani, ndipo muikemo dala mdani wodzidzimutsa gulu, wina wogwira anthu, ndi mfiti ya Counterspell, kuti mikangano ituluke tsiku limenelo.

Zina zidzatulukabe m'tsogolo, poti zosintha zazing'ono n'zambiri kuposa zomwe zingakwane pa tsamba limodzi. Gwirizanani kuti zikatero DM azigamula pasanathe mphindi imodzi, mokomera wosewera ngati pali kukayika, n'kulemba funsolo pambali. Masewera akatha, mmodzi afufuze m'buku losankhidwa lija, ndipo yankho liwonjezedwe pa pepala la tebulo tsiku lotsatira lisanafike.